Buku limene amalume anasuta

Sukulu yathu ya ku Majaua itatenthedwa, ndinaleka kucheuka munthu akandiitana kuti pulofesola. Masiku amenewo uphunzitsi unali mlandu wophetsa. Mwamuna wanga anatengedwa kukasenza katundu wa ankhondo, osabwerako. Ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu ndi amalume, nkhalamba imene inkatha kugona ndi njala koma osati kugona osasuta.

Tinakabisala kutchire, n'kumadya chinangwa chowawa. Mwana anayamba kutupa mapazi, tsitsi likufiira. Anthu opita kukasuma mchere tsidya la mtsinje wa Ruo ankati kuchipatala cha kumeneko akufuna womasulira pakati pa madokotala ndi othawa nkhondo, ndipo mwana wa wantchito amamwa phala la mkaka tsiku lililonse. Chinyanja, Chilomwe ndi Chipwitikizi ndinali nazo. Chosowa chinali Chingerezi basi.

Ndinali ndi buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chipwitikizi, limene ndinalikwirira mumphika kuseri kwa chulu. Kupezeka ndi buku kunali kudziitanira imfa, choncho m'mawa uliwonse ndinkang'amba tsamba limodzi, n'kulipinda m'mpango. Ndinkaloweza mawu ndi matanthauzo ake ndikukumba chinangwa, mwana ali kumsana. Dzuwa likapendeka ndinkapereka tsambalo kwa amalume, iwo n'kukulungira chingambwe. Umboni unkathera mu utsi.

"Lero ndasuta mawu angati?" ankandifunsa akutsokomola. "Posachedwa ndiziyetsemula Chizungu."

Koma tsiku lina sanaseke. Anasindikiza chala paphazi la mwana, ndipo chibowo chinatsala pomwepo, osabwerera.

"Iwe, mwana wa mlongo wanga, tiwoloke mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Amalume, ndangofika pakati pa buku. Tikapita chonchi tikangokhala pamzere ngati wina aliyense."

Ndinalankhula mokalipa, ndipo lero ndikuvomera kuti kunali kunyada. Ine mphunzitsi, kukaima ndi mbale m'manja? Mantha analiponso, poti njira ya kumtsinje inali ndi mabomba okwirira. Ndinayamba kung'amba masamba atatu patsiku. Mutu unkazungulira ndi njala, mawu ankalowa uku n'kutulukira uku, ine n'kumalira ndi mkwiyo. Ndinkadziwa dzina la Chingerezi la nangula wa sitima, chinthu chimene sindinachionepo, pamene mwana wanga anali atasiya ngakhale kulira.

Tinawoloka patapita masabata atatu, mwana atayamba kukana ndi madzi omwe. Amalume anatsogola ndi ndodo, madzi akuwafika m'chifuwa.

Kuchipatala sindinafunse n'komwe za ntchito. Ndinagoneka mwana pabedi. Dokotala, mzimayi wachizungu wotopa, anamutsegula zikope, n'kumumvetsera pamtima. Kenako anatembenukira kwa namwino n'kulankhula motsitsa mawu m'Chingerezi, osandiyang'ana. Kwa iye ndinali mayi wa nsanza wochokera kutchire, wosamva kanthu.

Ndinamva. Osati zonse, koma mawu okwanira. Anati tachedwa naye, akanabwera sabata ziwiri zapitazo akanachira.

Namwino, mayi wachifundo, anandigwira paphewa.

"Mayi, adokotala akuti musadandaule, tiyesetsa."

Ndinagwedeza mutu n'kumuthokoza m'Chinyanja. Sindinamuuze kuti Chingerezi ndimachimva.