Wometa Amene Amazimitsa Makina

Pamzere wathu pali wometa wina amene ndingamumenyere nkhondo tsiku lililonse, wotsutsa abwere tionane. Mkuluyu ali ndi mwana wamkazi wachibwibwi. Mwanayo akangolowa n'kutsegula pakamwa, bambo ake amazimitsa makina, olo kasitomala akhale wametedwa mbali imodzi. Amagwada, n'kumuyang'ana m'maso, n'kudikira. Samumalizira mawu. Amati, "Mawuwo ndi ake, awatulutse yekha. Ukamuthamangitsa lero, mawa sayankhulanso."

Tsiku lina, ine ndikudikira kumetedwa, pampando panali dalaivala wa minibasi, mkamwa ngati hutala. Mwana anafika kuchokera kusukulu akupuma wefuwefu. "Aba-ba-ba..."

"Iwe, lavula kaye zili m'kamwazo!" anatero dalaivala. "Akulu, tametani, enafe tili ndi ntchito!"

Mwana anatseka pakamwa, maso pansi, n'kuyamba kubwerera kukhomo. Ine magazi anawira, wotchi ndinali nditavula kale kuti ndimuswe dalaivalayo. Wometa anangondigwira paphewa, n'kumasula nsalu pakhosi pa dalaivala.

"Achimwene, tsitsi limadikira. Ngati mwafulumira, pitani choncho."

Apite kuti ndi mutu ngati munda wolimidwa theka? Anatsala pampando pomwepo.

"Bwera kuno, mayi," anatero wometa atagwada. "Ndikukumvera."

Mwana anayambanso, kugwa n'kudzuka, mpaka anafika: aphunzitsi amusankha kuti mawa akanene ndakatulo kutsogolo kwa kalasi.

"Yambira pompano," anatero bambo ake. "Omvera ndi awa."

Anainena yonse, makina ali chete. Woyamba kuwomba m'manja anali wamutu watheka uja.