Chotupa cha pansi pa khutu la amayi

Amayi ankagulitsa nthochi pamsewu ku Chinyunyu. Chaka chimene ndinakwatiwa, kachotupa kanawatuluka pansi pa khutu lakumanzere. Tinati ndi matsagwidi, ngakhale amenewo amagwira ana. Mvula isanathe kanali katalimba ngati mwala, pakamwa patakhotera mbali imodzi. Akamamwa madzi ankatayikira pachifuwa.

Abale sanachedwe kupeza wolakwa. Agogo aamuna, obereka amayi, anamwalira ndi nkhope yokhota chimodzimodzi, ndipo chiyambire maliro awo banja lathu linkaloza chala mkulu wina wa kutsidya, amene anakangana nawo za malire a munda. Anafe ankatiletsa kumupatsa moni.

Amalume anati tipite kwa sing'anga, ine ndinakana. Ndinatengera amayi kuchipatala cha mishoni, komwe anatilembera kalata ya ku Lusaka. Kumeneko anadula kanyama kukapima.

Tsiku la zotsatira, dokotala anatiuza mosabisa kuti ndi khansa ya tiziwalo topanga malovu, yosowa koma yothamanga, ndipo inali itafika kale m'khosi. Kenaka anafunsa ngati pabanja panali wina amene anadwalapo chonchi. Ndinamuuza za agogo.

"Za iwo sindingalumbire, sindinawapime," anatero. "Matendawa amayamba malangizo amene thupi limatsata pokula akasokonekera. Kawirikawiri zimangochitika mwa munthu mmodzi, koma pena kufookako kumayenda m'magazi."

Amayi anafunsa movutikira, "Badokotala, munthu angandiponyere zimenezi?"

"Ayi, amayi. Palibe angathe."

Titabwerera kumudzi, amayi anauza mwamuna wanga kuti awakweze panjinga, awaolotse mtsinje. Amalume anakalipa, koma amayi anakwerabe. Ine ndinatsatira wapansi.

Tinamupeza mkulu uja akusema mpini. Atationa anaimirira, kasemasema ali m'manja.

"Takunenerani zoipa zaka zambiri," anatero amayi, mpango uli pakamwa. "Matendawa ndi athu. Mutikhululukire."

Mkulu uja anaika kasemasema pansi. Kenaka anaitana mkazi wake kuti ayale mphasa.

Amayi anamwalira titangokolola chimanga. Amalume sanasinthe maganizo mpaka kufa kwawo, koma ena tonse tinaleka nkhani ija. Ang'ono anga ndinawaonetsa pogwira, pansi pa khutu ndi kunsi kwa chibwano, ndipo ndinawauza kuti akapeza kanthu kolimba asadikire kuti kawawe.