Mano Amene Ndinapatsa Khwangwala

Sendererani kuno, inu a kumapetoko, mawu anga safika patali chichokereni mano akutsogolowa. Nkhani yakenso ndi ya mano.

Malemu amuna anga anali ndi mano otuluka kunja, oti milomo inkalephera kuwafunditsa. Pamaliro anthu ankawanong'oneza kuti, "Abambo, musaseke," chonsecho iwo akulira. Ine ndinawakondera mano omwewo. Pa ana athu onse palibe anatengera, koma anakatulukira mwa mdzukulu wanga wamkazi, wa kwa mwana wanga wamwamuna wa ku Blantyre. Amuna angawo sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi. Ndikawasowa, ndinkangodikira holide kuti mtsikanayo abwere kuno ku Domasi, ndimuseketse, ndiwaone.

Ndiye chaka china, matipate atangoyamba kumene, anatsika minibasi ndi mayi ake, dzanja lili kukamwa.

"Iwe, ukubisa chiyani?"

Atachotsa dzanjalo ndinakhala pansi. Mawaya! M'kamwa monse mwamangidwa ngati khola la nkhuku, m'mbali muli mipata iwiri, uku ndi uku.

"Wagwa panjinga?"

"Ayi, amayi," anatero mpongozi wanga. "Adokotala azula awiri kuti akutsogolowo apeze malo obwerera m'mbuyo. Wayayo ndi wowakoka pang'onopang'ono."

"Ozulidwawo amapweteka?"

"Ayi."

"Anabowoka?"

"Anali abwinobwino."

"Ndiye munthu anapita kusukulu zaka zonsezo kuti azizula mano abwino? Nanga nkhope ya agogo ake muiika kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Agogo, kusukulu amanditcha fosholo. Amati ndikawakumbire mbatata."

Komabe mtima wanga sunavomere. Mano ozulidwawo anabwera nawo m'kabokosi ka machesi. Tsono ife kuno dzino la mwana likachoka timaliponya padenga, khwangwala atenge lakale, abweretse latsopano. Ndinaganiza kuti akamera ena m'mipatamo, akutsogolowo asowa kothawira, akhala pomwepo. M'mawa mwake mpongozi atapita kukasamba, ndinatenga kabokosiko mwakachetechete.

"Khwangwala, tenga akale, bweza atsopano, ndipo ufulumire!"

Koma ndinaiwala chinthu chimodzi. Mwambowu ndi wa denga la udzu, ndipo mwana wanga anali atandikhomera malata chaka chomwecho. Dzino linangoti ngwee, n'kugubuduzika, n'kudzandigwera pamapazi. Ndinaponyanso, linabweranso. Kachitatu ndinaponya onse awiri ndi mphamvu zolimira mpunga. Anatsetserekera kuseri, kumene tambala wanga anameza limodzi poyesa chimanga. Linalo mpaka lero silinaoneke.

Nditacheuka, mdzukulu ali pakhonde, akuseka mpaka misozi, mawaya ali ng'aning'ani padzuwa.

"Agogo, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi! Amenewa sameranso!"

"Iwe, usamuphunzitse khwangwala ntchito yake."

Ndinadikira. Holide iliyonse ndinkamutsegula pakamwa ngati mbuzi ya pamsika. Palibe chinamera. Mipata ija inkangochepa, mano akubwerera, milomo ikuyandikana. Patatha zaka ziwiri ndinapita kumsewu kukamuchingamira, ndipo ndinamupitirira, ine agogo ake. Ndinangomva kumbuyo, "Agogo!" Kucheuka, mtsikana wokongola, pakamwa potseka bwinobwino, mawaya atachoka. Ndinamukumbatira n'kumuyamikira, poti ankayenda mutu uli m'mwamba, dzanja silinkapitanso kukamwa. Koma titafika kunyumba ndinalowa m'munda wa chinangwa n'kuwalira amuna anga kachiwiri.

Mufuna kudziwa kuti onsewa anathera kuti? Tambala tinamudya pa Khirisimasi, ndinafufuza m'nthutumba, dzino mulibe. Mwana wanga amati akadadziwa akadasiya chigawo chimodzi cha udzu. Mpongozi mpaka pano akafika amayamba wayang'ana padenga, kenako ndiye moni. Mdzukuluyo anakwatiwa ku Malosa, ali ndi mwana wamkazi. Chaka chatha anabwera naye, mano achikulu atangomera kumene. Kamwanako kanandimwetulira pabwalo apo, ine n'kuona amuna anga ataima, atavala diresi.

Khwangwala sanaiwale. Anangochedwa panjira, n'kukatula katundu m'kamwa mwina. Amake ayamba kale kunena za mawaya. Ndawauza kuti adikire kaye, ndiyambe ndapita ine.