Chipsera cha Telesikopu

Bambo anga anandidutsa pa bwalo la ndege la ku Nairobi ngati munthu amene sitinaonanepo. Ndinali nditaima patsogolo pawo penipeni, dzanja lili m'mwamba, koma iwo anapitirira n'kukapatsa moni mayi wina wonenepa amene ankadikira mwamuna wake. Mayiyo anaseka, ine sindinaseke. Ndinadziwa pomwepo kuti ng'ala ija amayi ankaidandaula pa foni yafika poipa.

Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ndinkagwira ntchito ya mu ofesi ku bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo, ndipo ndinkakhala m'fulati ku South B. Bambo ndinawaitanitsa kuchokera ku Zomba kuti adzaonane ndi dokotala wa maso. Dokotalayo anafotokoza bwinobwino kuti achotsa kanthu kamene kachita chifunga m'disomo n'kuikamo kagalasi kakang'ono, ndipo tikazengereza bambo asiya kuona. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza mwaulemu, ndipo titangotuluka panja anandiuza kuti ndikasinthe tsiku la pa tikiti, akubwerera kwawo.

"Galasi m'diso mwanga? Kodi ndasanduka zenera?" anatero.

Muyenera kuwadziwa bambo anga kuti mumvetse. Moyo wawo wonse anali wapolisi, ndipo pa mipikisano yowombera chandamale makapu ankabwera kunyumba kwathu. Mfuti za nthawi yawo zinalibe galasi lililonse. Munthu unkalunjikitsa kansonga ka kumapeto kwa mpope pakati pa kampata kakumbuyo, zotsalazo zinali za diso lako. Diso limenelo ndiye linali chuma chawo. Ngakhale magalasi owerengera ankati ndi a makalaliki.

Kuuma mutu ndinatengera iwo omwewo, ndiye m'fulati muja simunali mtendere. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Ndinafika pobisa pasipoti yawo m'thumba la mpunga, koma wapolisi ndi wapolisi basi. Ndinaipeza m'mawa ili patebulo, ataipukuta bwinobwino. Ndinali ndi mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti akakwera ndege imeneyo sadzaonanso nkhope ya amayi kapena yanga.

M'fulati yapamwamba pathu munkakhala Mtchaina wina wamfupi, wometa mpala, amene ankayang'anira chitetezo pa kampani yomanga misewu. Ine ndinali nditakhala naye nyumba imodzi nthawi yaitali osadziwa chilichonse cha iye. Bambo anangomva mapazi ake pa masitepe n'kunena kuti, "Ameneyo anayendapo perete." Sanalakwitse. Pasanapite nthawi awiriwo ankakhala pakhonde akumwa tiyi wopanda shuga, akucheza m'Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi manja. Mnzawoyo ankawatchula bambo kuti Afande, monga a ku Kenya amatchulira akuluakulu a polisi, ndipo bambo ankakhala tsonga akamva dzinalo.

Tsiku lina mnzawoyo anatsika ndi chithunzi. Anali iyeyo akadali mnyamata, atavala zakuda, atagona chafufumimba kuseri kwa mfuti yaitali. Anatiuza kuti kwawo anali m'gulu lapadera la polisi, lija amaliitana zigawenga zikatsekera anthu m'nyumba, ndipo malo ake anali padenga. Bambo anachiika chithunzicho pafupi ndi mphuno, n'kufunsa kuti chitini chili pamwamba pa mfuticho n'chiyani.

Mnzawoyo anati ndi telesikopu. Imakokera pafupi zinthu zakutali, ndipo m'kati mwake muli timizere topingasa tolozera pomwe chipolopolo chikagwere. Anati m'gulu lawo aliyense anali ndi mfuti yake ndi telesikopu yake yochunidwa molingana ndi diso lake, ndipo sankabwerekana, ngati mswachi.

"Ndiye amawombera ndani, inu kapena galasi?" anafunsa bambo. Ine ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi.

Munthuyo sanakwiye. "Galasi silikoka tiriga, Afande. Tiyeni Loweruka mukayese nokha."

Ndinakana kwamtuwagalu. Munthu amene analephera kuzindikira mwana wake pa bwalo la ndege, lero mukamupatse mfuti? Koma palibe anandifunsa maganizo, ndiye Loweruka ndinapezeka ndili kumbuyo kwa galimoto ya Mtchainayo, nkhope ili ndwii, tikulowera ku Karen. Kumeneko kunali kalabu ya anthu owombera chandamale cha pepala, ndipo iye anali membala. Mfuti imene anatenga inali ya pakalabupo, osati yonga ya pachithunzi ija, koma nayo inali ndi telesikopu yake.

Bambo atagona pamkeka wa powombera ndinaona zimene ndinali nditaiwala. Munthu amene ankapapasa khoma pofuna chitseko cha kubafa anasintha nthawi yomweyo. Zigongono zinapeza malo ake zokha, tsaya linakhazikika pa mtengo wa mfuti, kapumidwe kanatsika. Mnzawoyo anagwada pambali n'kumapotoza pang'onopang'ono kamkombero kakumbuyo kwa telesikopu, akufunsa ngati zikuoneka. Bambo ankangoti ayi, ayi, mwamwano ndithu.

Patapita kanthawi analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, osachotsa diso pagalasi. "Mayi, papepala paja pali manambala."

Sanandiitanepo kuti mayi chifikireni, chifukwa cha mikangano ija.

Mnzawoyo anawachenjeza kuti diso lisayandikire kwambiri, pakhale mpata wa zala zingapo, chifukwa mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo pamodzi ndi telesikopu yake. Bambo anamuuza kuti iwo anayamba kugwira mfuti iye asanamere mano. Anali atazolowera mfuti zakale zimene munthu unkakankhira nkhope kutsogolo mmene ungafunire, komanso ndikhulupirira kuti ankafuna kulowa m'galasimo ndi mutu womwe, poti ankaona bwino koyamba patapita zaka. Anasendera, n'kusenderanso, kenako mfuti inalira.

Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mkombero wa telesikopu unawatema pamwamba pa diso lakumanja, magazi n'kutsikira kutsaya mpaka pa kolala ya shati yawo ya kutchalitchi. Woyang'anira pamalopo anatenga mfuti n'kuiika pambali, ndipo ine ndinathamangira pomwepo ndikumulalatira Mtchaina uja m'zilankhulo zitatu. Ndinamuuza kuti ndinabweretsa bambo anga kudzakonzetsa maso, osati kudzawaboola. Iye ankangopepesa m'Chiswahili kuti "pole, pole", akufunafuna thonje m'bokosi la mankhwala.

Bambo anandikankha dzanja. "Tasiya phokoso, iwe. Ndalasa pati?"

Mnzawoyo anayang'ana chandamale ndi galasi lake la m'manja, n'kuyang'ananso kachiwiri. Anati chipolopolo chalowa pakuda, pafupi ndi pakati penipeni. Atatero anawerama, n'kutambasula nsidze yake yakumanja ndi zala kuti bambo akhudze. Panali chipsera chopindika ngati chikhadabo. Anati anachipeza sabata yake yoyamba ku maphunziro, ndipo m'gulu lawo munthu wopanda chipsera chimenecho ankamuyesa mlendo.

Sindinawamvepo bambo akuseka choncho, magazi ali kukamwa. Anawamata pulasitala, ndipo bambo anakana kuchoka asanamalize zipolopolo zawo. Ulendo uno mpata wa zala uja anausunga popanda wowakumbutsa. Pepala litabwera, mabowo anali ataunjikana malo amodzi moti ndikanawaphimba onse ndi chivindikiro cha botolo la jamu. Anyamata ena amene poyamba ankanong'onezana za mdala wofufuza mkeka ndi phazi anabwera kudzawagwira chanza. Ine mkwiyo unali utathawa, ndinkauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti amenewa ndi bambo anga.

Pobwerera bambo anaika pepala lija pamiyendo, akulowetsa chala m'mabowo aja. Tikudutsa cha ku Kibera, pamene magalimoto anali atathithikana, anatembenukira kumbuyo.

"Kagalasi ka dokotala wako kaja, kamagwira ntchito ngati kameneka?"

Ndinati inde, kungoti kamakhala m'kati.

"Nanga kamatema anthu?"

"Ayi, ababa. Kamatema okhaokha osamva."

"Umuuze tikubwera."

Ndinkafuna kulandira mawuwo mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino, koma ndinalephera. Ndinaomba m'manja, ndinalulutira m'galimoto ya eni ake mpaka kondakitala wa matatu, minibasi imene inali pambali pathu, anasuzumira. Ndinawakumbutsa bambo mawu onse amene ananena okhudza zenera ndi makalaliki, limodzilimodzi, mpaka tinafika ku South B. Iwo anangoti mwana ameneyu pakamwa anatengera amake, zomwe ndi bodza.

Dokotala anadikira kuti bala lipole, kenako anachita diso lakumanja, lakumanzere pambuyo pake. Atafunsa za chipseracho bambo anamuuza kuti n'cha ku ntchito, ndipo ine sindinawatsutse. Mtchaina uja ndiye ankatiperekeza kuchipatala ulendo uliwonse. Ndinamupepesa chifukwa cha mawu aja, iye n'kunena kuti mwamwayi anamvapo chilankhulo chimodzi chokha.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi lina wamba, chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Ndinatsika matatu pa siteji yathu ndikuchokera ku ntchito, pakati pa chigulu cha anthu ochokera ku mafakitale. Kuchokera pa siteji kukafika pageti pathu ndi mtunda ndithu, munthu amaoneka ngati chala. Nditakweza maso ndinaona mkono uli m'mwamba pageti paja. Ndinacheuka kuti ndione amene akumukodola, koma mkonowo unkanditsata ine, ndikapatuka nawo unkapatuka.

Ndinafika misozi ili m'masaya, ndipo sindinaibise. Bambo anali ataima mowongoka, manja kumbuyo tsopano, chipsera chija chikuwala pamwamba pa diso. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati ali pa perete.

"Nsapato yako yakumanzere yatha chidendene, mayi," anatero. "Ndakuona ukutsimphina kuchokera pa siteji."