Fayilo ya msana wa alamu

“Alamu, mwandichaja ndalama kuti mundiuze kuti msana wanga sunapwetekepo?”

Anandikalipira chonchi ndi mchimwene wa mkazi wanga, Lamlungu masana, poimika magalimoto kuseri kwa nyumba yathu ku Etobicoke, kudziko lakunja kuno kumene tinasamukira. Tinali titangochoka kutchalitchi, ine tayi ndisanamasule. M’manja anali ndi kalata yochokera kwa loya wawo, ndipo ankaigwedeza pafupi ndi mphuno yanga.

Ndimagwira ntchito yosunga mafayilo a odwala pa kiliniki ina. Maloya ndi a inshuwalansi amatilembera, wodwala atasaina chilolezo, kupempha zimene dokotala analemba. Kufufuzako kuli ndi mtengo wake. Tikapeza, amalipira kufufuza ndi mapepala. Tikapanda kupeza amalipirabe, chifukwa mabokosi akale ali kuchipinda chapansi ndipo sadzitsegula okha. Loya amalipira, kenako n’kukazilemba pa mutu pa kasitomala wake. Lamuloli sindinapange ndine, koma pansi pa kalata pamakhala dzina langa, ndiye otukwanidwa ndimakhala ine.

Alamu anavulala msana akunyamula katundu kuntchito kwawo pafupi ndi bwalo la ndege, atangofika kumene kuno. Ankaopa kuti akanena kwa bwana awachotsa. Nthawi imeneyo pa kiliniki yathuyi panali namwino wina, mayi wa kumpingo kwathu. Anawalowetsa pa nthawi yopuma, anawagwira msana, n’kuwauza mankhwala oti akagule ndi kuti akagone masiku angapo. Kwathu timatero, ukakhala ndi wako kuchipatala sukhala pamzere. Khadi la chipatala sanaonetse, fayilo sinatsegulidwe, ndipo aliyense anathokoza. Zaka zitapita msana unakula, ntchito inawakanika, ndipo loya ankafuna umboni woti vuto linayambira kuntchito kuja. Anatilembera. Ndinafufuza pakompyuta ndi pamndandanda wa mabokosi, ndinalemba kuti palibe, ndinaika bilu.

Tsopano loyayo anali atapemphanso kuti tifufuze kachiwiri, chifukwa alamu analumbira kwa iye kuti anabweradi.

“Munabwera, palibe akukana,” ndinatero. “Koma munalowera khomo lakumbuyo. Kompyuta imadziwa olowera kutsogolo.”

“Ndiye mawa mukalembe kuti fayilo inasowa. Basi. Mafayilo sasowa kodi? Kumudzi buku la kuchipatala limadyedwa ndi chiswe, palibe amamangidwa.”

“Kuno chiswe chake ndikhala ine. Ndikalemba kuti inasowa, akuluakulu akubwera kudzafunsa kuti inasowa liti, m’manja mwa ndani, ndipo waiwerenga ndani. Mukufuna ndikanyamule nawo makatoni kumene munathyokera msanako?”

“Inu nanu mantha. Munthu wamkulu, ndevu zoyera, kuopa pepala.”

Mawu anga ndi aakulu chibadwire, ndipo ndikapsa mtima amakula kawiri. Ndinawauza kuti pepala lomwelo ndi limene likulipira nyumba imene amadzadyako Lamlungu lililonse. Mkazi wanga anatuluka m’galimoto, nsapato za kutchalitchi zili m’manja.

“Abambo, tsitsani mawu, anthu akusuzumira pamawindo. Achimwene, nanunso, tiyeni m’nyumba.”

Palibe anasuntha. Ndinayesa kulankhula ngati munthu. Ndinati njira ilipo: mayi aja anasamukira ku Oakville koma akugwirabe ntchito, apite akawapemphe alembe kalata yonena kuti anawaona tsiku lija. Loya angaigwiritse ntchito.

Alamu anapukusa mutu. “Mayi aja ndiwaike m’mavuto? Angawalande chiphaso cha unamwino. Anandithandiza pamene ndinalibe aliyense.”

Apa m’pamene ndinaphulika. Munthu ameneyu atafika kuno anagona pa sofa wanga mpaka sofayo anakumbika pakati. Jekete yake yoyamba ya nthawi yozizira inali yanga. Lero akuti analibe aliyense. Chiphaso cha mayi aja akuchisamala ngati dzira, ntchito yanga ayi, chifukwa ine ndine wa m’nyumba ndipo wa m’nyumba sapemphedwa, amangouzidwa. Ndinanena zonsezi, ndi zina zimene sindilemba pano. Iwo anandiuza kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi kompyuta. Anatembenuka kuti azipita, koma msana unawagwira, ndipo anaima atagwira chitseko cha galimoto yanga mpaka ululu utatsika. Ndinangoyang’ana. Kupweteka kwake sikunali kwabodza, ndinkadziwa. Anakana kuti ndiwaperekeze, anapita kokwerera basi akuyenda chopendekeka.

Madzulo mkazi wanga sanandikalipire. Tikutsuka mbale anati, “Sindikuti mukaname. Koma ulendo uja munatseguladi mabokosi, kapena munangoona pamndandanda?”

“Mndandanda ndiwo timayendera.”

“Mwina mayi aja analemba kanthu, kapepala kokha, n’kulowa m’fayilo ya wina. Achimwene akalephera mlanduwu lendi alipira ndi chiyani? Adzabwereranso pa sofa wanu yemweyo.”

Ndinati ndiye tigule sofa wolimba. Sanaseke.

Anthu amaganiza kuti bilu yotereyi ndi kuba, kulipiritsa mphepo. Ine ndaona mbali inayo. Maloya ena amamwaza makalata ku makiliniki onse a m’dera, ngati woponya khoka, kuti mwina penapake pagwidwa kanthu. Tikanati tizifufuza ulere bwenzi ndikugona kuchipinda chapansi. Ndiponso mawu oti palibe ndi yankho, ndipo loya amapita nalo kukhoti monga mmene akanapitira ndi fayilo yonenepa. Ndiye liyenera kukhala loona. Zimenezi ndimazinena mosavuta kwa mlendo pafoni. Kwa munthu amene ndimadya naye mbale imodzi zinatuluka ngati chipongwe.

M’mawa ndinakwera basi yanga ya nthawi zonse. Nditafika ndinapita kaye kwa bwana wathu, ndinamuuza kuti pempho lachiwirili ndi la mlamu wanga, ndipo n’kwabwino lisainidwe ndi wina. Anandiyang’ana, n’kulipereka kwa mnzanga wa mu ofesi, mayi wachikulire amene amavutika ndi bondo. Tinatsikira limodzi kuchipinda chapansi. Ine ndinkatsitsa mabokosi a chaka chimenecho ndi chotsatira chake, iye ankatsegula ndi kuyang’ana fayilo iliyonse ya dzina lofanana kapena loyandikira. Ndinamupempha aonenso mapepala otayika amene amaunjikidwa kumbuyo kwa bokosi. Anaona. Tinatuluka nthawi ya nkhomaliro itadutsa, malaya anga ali fumbi lokhalokha.

Munalibe kanthu. Iye analemba kalata yomweyo, mawu omwewo, anasaina, n’kuika bilu yachiwiri pamwamba. Ine ndinasamba m’manja, ndinatuluka panja, ndinaimbira foni alamu kuti amve kwa ine loya asanawauze. Sanayankhe. Ndinasiya uthenga woti palibe chapezeka, ndipo ngati aganiza zopita ku Oakville Loweruka, galimoto ilipo ndipo ndiyendetsa ndine.