Tsaya la Tiyamike

Fungo la matope a m'munda wa mpunga, lowawasa lija dzuwa likawomba, ndikangolimva limandibwezera kwathu ku Benga, chaka chimene ndinali Sitandade 3, mpunga utayamba kucha.

Amayi anali atangotuluka chikuta ndi mng'ono wanga Tiyamike. M'mawa uliwonse tinkapita kukapirikitsa mpheta, iwo akumenya chitini mbali ina, ine mbali inayo nditabereka mwana. Tsiku lina ndinathamangira mbalame pakati pa munda, n'kuiwala kuti kumsana kuli munthu. Ngala ya mpunga inamukwapula patsaya. Analira pang'ono, n'kugona. Sindinauze aliyense.

Patapita masiku atatu, pamalo pomwepo panatuluka kadontho kofiira ngati walumidwa ndi udzudzu. Sikanachoke. Kanakula, kanatukuka, kofewa, kotentha ukakakhudza, mpaka kanafanana ndi bulosi lakupsa n'kuyamba kukwera molunjika kudiso. Amayi akapita kumjigo ndinkakayeza mobisa: poyamba chikhadabo changa chinkakaphimba, kenako chala, kenako zala ziwiri zinalephera. Ndinkadziwa chinthu chimodzi, choti diso la Tiyamike likatsekeka, ndalitseka ndine.

Azimayi apamudzi aliyense ankanena zake. Ena ankati amayi analakalaka mabulosi ali oyembekezera, ena ankati ndi magazi oipa. Azakhali, alongo awo a bambo, anafika kuchokera ku Dwangwa ndi lezala latsopano komanso mankhwala akuda m'kabotolo.

"Mphini ziwiri zokha, mlamu, magazi oipawo atuluke," anatero.

Ine ndi amene ndinagwira timiyendo. Magazi amene anatuluka sanali a mphini ziwiri ayi. Ananyowetsa chitenje cha amayi, anadontha pamphasa, azakhali akungofinyapo ndi chala. Pamalopo panasanduka chilonda chosapola, ndipo ntchito yanga inachoka pa mpheta n'kubwera pa ntchentche.

Kuchipatala cha kuboma adokotala anakalipa kuti chinthu chotere sachitema, ndi timitsempha ta magazi tounjikana. Analemba kalata ya ku Lilongwe, kumene kunabwera madokotala achilendo ndi makina otchedwa leza, oti amawotcha timitsemphato ndi kuwala. Pa zonse zimene amayi anafotokozera bambo pakhonde, ine ndinatolapo liwu limodzi: kuwotcha. Amayi ndi Tiyamike anapita, n'kukakhala kumeneko masiku anayi. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu ndinkathamangira, ikatsitsa anthu ena ndinkabwerera kunyumba.

Anafika tsiku lachisanu masana. Amayi atavundukula nsalu, tsaya lonse linali madontho akuda, ngati pagwera makala amoto. Sindinathenso kusunga.

"Amayi, ndine. Ndinamukwapulitsa ndi mpunga, ndiye ndinaopa kunena."

Anandiyang'ana. Kenako anaseka, kuseka kokweza, mpaka anakhala pansi pafumbi mwana ali m'manja.

"Iwe Esinati, mpunga ukanamatero, Nkhotakota yense bwenzi ali wa masaya ofiira! Anabadwa nacho ichi, chinangochedwa kuoneka. Tatunga madzi uko, ndafa ndi ludzu."

Madontho akuda aja anazimirira patatha masabata awiri, monga madokotala anawauzira. Anabwererako kawiri, ankamumwetsanso mankhwala m'mawa ndi madzulo. Pofika nthawi yomweta udzu chilonda chinali chitapola, chotupa chikuphwa, diso lili bwinobwino. Lero Tiyamike ndi mtsikana wa kusekondale, ndipo chimene chimaoneka kwambiri patsaya pake ndi timizere tiwiri ta azakhali.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amayi anaseka chifukwa akuluakulu saopa kanthu, amadziwa kale mathero a zinthu. Tsopano mwana wanga ali ndi masabata asanu ndi awiri, ndipo ali nako kadontho kake pamwamba pa mlomo, kakukula, kayamba kumuvutitsa poyamwa. Kalata ya ku Lilongwe ndaipinda m'buku lake la sikelo. Ndikudziwa kuti palibe wolakwa, ndikudziwa kuti madontho akuda amatha, koma kudziwako sikundipatsa tulo. Dzulo apongozi anandifunsa kuti, "Mayi a mwana, kodi simukuopa?" Ndinangodzimva ndikuseka, kuseka kokweza, mpaka ndinakhala pansi.