Mbale Zinabwerera Zosavundukula

Ba Zuze ankakhoma mbaula ndi ndowa kuseri kwa msika wa Kanyama kuno ku Lusaka, zaka zija ufa ndi sopo tinkachita kuzifolera pamzere. Anabadwira ku Tete, kutsidya kwa malire, ndipo komboni yonse inkadziwa kuti anamenya nawo nkhondo yothamangitsa Apwitikizi. Pamzere tinkawalowetsa kutsogolo. Ngakhale ine, amene sindipatsa malo olo mayi wapakati, ndinkawasendera.

Iwo nkhondoyo sankaikamba. Tinkawakambira ndife, n'kumathira mchere. Mwana wawo Norah ndiye ankayenda nayo pamutu ngati duku latsopano.

Webster, kondakitala wa minibasi za ku Matero, atafuna kukwatira Norah, ine monga neba anandiitana kuti ndidzathandize kulandira alendo. Kunabwera malume ake a mnyamatayo, mdala wowonda, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana zofunsira mbeta. Anagwada pakhomo n'kuyamba kuwomba m'manja. Atadzutsa mutu, manja aja anangouma.

"Zuze," anatero mdalayo.

"Ndine, Dumingu," anayankha Ba Zuze, mawu ali pansi.

Ine ndinasekerera, kuyesa kuti ukwati waphweka. Kupusa kwanga!

Mdalayo anafotokoza akadali chogwada. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, mbuzi ankaweta limodzi. Nkhondo itakula, Apwitikizi anatsekera anthu m'mudzi wozingidwa ndi waya, ndipo Dumingu anampatsa mfuti kuti azilondera. Zuze anali atathawira kutchire kwa omenyera ufulu. Gulu lakelo ndi limene linadzawotcha mudzi uja.

"Mlongo wanga, mayi wa Webster, anapsera m'nyumba," anatero Ba Dumingu. "Mwanayo ndinamsolola pamoto ndine, n'kumubereka mpaka kuno. Muuni unali m'manja mwako. Ndinakuona."

Ndinayembekeza kuti Ba Zuze akana, kapena akalipa. Anangoyang'ana pansi.

Pakamwa panga sipachedwa. "Imwe Ba Zuze, nanga si munali kumenyana na bazungu? Ija inali nkhondo ya ufulu, osati yapachibale!"

"Inali ya ufulu, mayi," anatero. "Koma mzungu ndinamuona kamodzi kokha, ali m'ndege. Onse amene ndinawombera ankalira m'chilankhulo chathu."

Norah anali ataima pakhomo la kuchipinda, atavala chitenje chimene anabwereka kwa ine. Anagwada pamaso pa mdala uja.

"Ba malume, ine ninabadwira kuno ku Lusaka. Sinizibako vilivonse. Napapata, chonde."

Ba Dumingu anamuyang'ana, misozi ili chuchuchu.

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma ana ako adzandifunsa kuti agogo awo anafa bwanji. Ndidzaloza ndani?"

Anatola mbale zake zosavundukula n'kutuluka. Webster anali panja akudikira yankho, atavala jekete yobwereka. Ndinaona pawindo malume ake akumugwira dzanja ngati kamwana, n'kumapita naye.